Makalata a Omvera: Khansa ya M'chifu

Takulandirani omvera. Makalata a lero akukhudza khansa ya m'chifu, thumba lija lolandira chakudya tikameza. Tiyambe ndi ya bambo wina:

"Aulutsi, achimwene anga amwa mankhwala a zilonda za m'mimba kwa miyezi yambiri. Ululu umaleka, koma akuonda ndipo amakhuta atangodya pang'ono. Titani?"

Bambo, pitani nawo kuchipatala sabata yomwe ino. Omeprazole ndi mankhwala ena otere amachepetsa asidi, ululu n'kuzirala, koma ngati m'chifu muli chotupa cha khansa chimakulabe mwakachetechete. Ambiri amapezeka ndi khansayi mochedwa chifukwa cha zimenezi. Kuonda ndi kukhuta msanga mwanenako n'zizindikiro zosafunika kuzengereza, monganso kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula, kuchepa magazi m'thupi, chakudya kukakamira pomeza, ndi mwanabere wouma m'munsi mwa khosi chakumanzere.

Kawapemphereni endoscopy. Adokotala amalowetsa pakamwa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera, wodwala atakhala osadya maola 6 mpaka 8. Akaona malo okayikitsa amatapapo tizidutswa ta mnofu 6 kapena kuposa, popeza kamodzi kokha kakhoza kuiphonya khansayo. Tizidutswato tikapimidwa ndi pomwe matenda amatsimikizika. Kenako amajambula m'kati mwa thupi ndi makina a sikani otchedwa CT kuti aone ngati yafika kuchiwindi kapena kwina. Musakhutire ndi sikani ya ultrasound ya pamimba yokha, siionetsa bwino za m'kati mwa chifu.

Mayi wina alemba mwachidule: "Andipeza ndi H. pylori. Kodi ndiye kuti ndili ndi khansa?"

Ayi mayi. H. pylori ndi kachilombo kokhala m'chifu. Kachilomboka ali nako anthu ochuluka zedi padziko, ndipo ambiri mwa iwo sadwala khansa moyo wawo wonse. Komabe sikoseweretsa: kamatupitsa khoma la chifu kwa zaka zambiri, ndipo mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inakaika m'gulu la zoyambitsa khansa. Mankhwala ake nthawi zambiri ndi maantibayotiki awiri pamodzi ndi ochepetsa asidi, kwa masiku 14. Malizani onse, chifukwa kulekezera panjira kumasiya tizilombo tosamva mankhwala. Pakatha masabata 4 chimalizireni mankhwalawo mukayezetsenso mpweya kapena chimbudzi kuti muone ngati kachilomboka kafa, mutasiya ochepetsa asidi kwa masabata 2. Kuyeza magazi apa sikuthandiza, kumaonetsabe ngati kalipo ngakhale katafa. Fodya musiye, mchere muchepetse.

Yachitatu ndi ya mtsikana amene akusamalira mayi ake: "Akuti awachotsa chifu chonse, koma ayambe alandira chemotherapy. Bwanji osangochita opaleshoni? Nanga munthu angakhale moyo wopanda chifu?"

Mwanawe, sikuti adokotala akuchedwetsa. Chemotherapy ndi mankhwala olimbana ndi khansa: amachepetsa chotupa ndi kupha maselo a khansa amene amwazikira kale koma saoneka pa sikani. Njira ina yodziwika, ya FLOT, imaperekedwa masabata awiri aliwonse, maulendo 4 opaleshoni isanachitike, ena 4 itachitika. Mayi anu akatentha thupi pa nthawiyi, ngakhale pakati pa usiku, thamangirani nawo kuchipatala, chifukwa chitetezo cha m'thupi chimakhala chitatsika.

Pa opaleshoni amachotsa chifu pamodzi ndi anabere ozungulira, n'kulumikiza mmero ku matumbo aang'ono. Choopsa m'masiku oyamba ndi kudontha kwa polumikizapo: thupi limatentha, mtima umathamanga, ululu umakula.

Moyo ulipo ndithu, kadyedwe ndi komwe kamasintha. Azidya pang'onopang'ono, maulendo 6 mpaka 8 pa tsiku, kutafuna mpaka chisalale. Madzi asamwere pa chakudya, adikire mphindi 30. Zotsekemera kwambiri zimathamangira m'matumbo nthawi imodzi, ndiye pakangopita mphindi 10 mpaka 30 munthu amachita thukuta, chizungulire ndi kutsegula m'mimba. Ena zimawapeza patapita ola limodzi mpaka atatu, shuga akatsika mwadzidzidzi.

China chimene mabanja ambiri amachiiwala wodwala akayamba kupeza bwino ndi vitamini B12. Chifu ndicho chimapanga chinthu chothandiza kuti vitaminiyu alowe m'magazi, choncho mayi anu azibayidwa jakisoni wake moyo wawo wonse, kawirikawiri miyezi itatu iliyonse. Akamadumphitsa, magazi amachepa, manja ndi miyendo zimachita dzanzi, ndipo mitsempha ikawonongeka nthawi yaitali sibwereranso mwakale. Aziyezetsanso ayironi ndi kashiamu.