Uthenga wa mawu kwa achemwali: maluwa a Khirisimasi m'nyumba

Eee achemwali, mwaswera bwanji ku Leicester uko? Zithunzi mwatumiza zija, za anyezi a maluwa amene mukufunsa ngati mugule kuti achite maluwa pa Khirisimasi, ndaziona. Ayi, amenewo musagule. Dikirani, ndiyambe bwinobwino. Anyezi a hyacinth, maluwa onunkhira aja omera kuchokera ku mbewu yooneka ngati anyezi, amakhala mitundu iwiri pa shelefu. Pali wamba, ndiye pali ena pa paketi palembedwa kuti "prepared". Inu mutenge a "prepared". Amenewo alimi, ambiri ndi a ku Holland, anawasunga kale pamalo otentha atangowakumba, kuti duwa la m'kati likonzeke msanga. Wamba aja adzachita maluwa, inde, koma Khirisimasi itapita kalekale.

Mubzale Seputembala asanathe. Valani magolovesi, chonde, amayabwa ngati chitedze. Dothi ndi lija la m'thumba, bulb fibre, makamaka ngati mphika wanu ulibe zibowo pansi. Muike atatu, moyandikana koma osakhudzana, nsonga zizionekera pamwamba. Osawakwirira onse ayi. Komanso mtundu umodzi mumphika umodzi, Pink Pearl payekha, Delft Blue payekha, chifukwa sakulira pamodzi. Kubzalako simungavutike, ndinu mlimi.

Tsopano apa, apa mumvetsere. Mdima ndi kuzizira. Chinthuchi tikuchinamiza kuti chili pansi pa nthaka m'nyengo yozizira. Madigiri 9 kapena kutsikirapo pang'ono, koma osati pochita kuundana, kwa milungu 8 mpaka 10. Shedi, galaja, kapena panja pakhoma losaomba dzuwa, mphika uli m'jumbo yakuda. Ndabwereza: mdima wokha sukwanira. Nyumba tinkachita lendi poyamba ija inali ndi kakabati pansi pa masitepe, mdima bii, koma kumbuyo kwake kumadutsa mapaipi a madzi otentha. Anga anatuluka masamba ataliatali, otumbululuka, ofooka, duwa litakakamira pansi pakati pa masambawo, osakwera. Mizu inali isanagwire, mwamva? Kuzizirako ndi kumene kumapatsa mizu mpata. Ndiye kabati iliyonse muyambe mwaigwira khoma, hita itayatsidwa, osati masana itazimitsidwa.

Mukati muike mufiriji, zimatheka, koma... eee, mlamu wanu uja! Ndinamuuza ine, chotsamo maapozi. Akuti, "Maapozi alakwa chiyani?" Zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, umapha duwa likadali m'kati. Iye phee, osamva. Disembala anali ndi mphika wa masamba okhaokha, mpaka pano akuti anamugulitsa zabodza.

Ndinali pati? Eya, madzi. Muzisuzumira pakapita milungu iwiri, mupise chala m'dothi, likauma muthire pang'ono. Pang'ono, achemwali, akanyowa kwambiri amaola.

Kutulutsa. Mphukira zikafika masentimita 5, zachikasu, zonenepa, mukaona kamutu ka duwa kakusuzumira pakati, ndiye nthawi yake. Osati zikangotuluka, ayi ayi, masentimita 5. Ndipo osathamangira nazo pabalaza. Ziyambe zakhala m'chipinda chozizirirapo, chowala pang'ono, masiku angapo mpaka zibiriwire, kenako pawindo. Koma mawindo akuno pansi pake pamakhala hita, mwaona? Pamenepo ayi. Mayi ena akutchalitchi kwathu anaika pamwamba penipeni pa hita kuti ati zifulumire. Zinafulumiradi, zinagwa chagada sabata isanathe. Muzitembenuzanso mphika, apo ayi zimapendekera kowala.

Mukachedwa Seputembala musadandaule, pali paperwhite, timaluwa toyera tija tonunkhira mwamphamvu, ena satikonda. Amenewo safuna mdima kapena kuzizira. Pakati pa Novembala muike m'mbale ya timiyala, madzi angofika kunsi kwa anyeziwo, osawamiza. Milungu 4 mpaka 6 achita maluwa. Vuto lawo amatalika n'kugwa. Ndiye musaseke... akatswiri a ku yunivesite ya Cornell ku America anapeza kuti kachasu amathandiza. Mphukira zikatalika masentimita ngati 5, mukhuthule madziwo, muthire osakaniza: kapu imodzi ya vodka kapena gin, makapu 7 a madzi. Zimakula zazifupi, maluwa ake chimodzimodzi. Mowa wa mabotolo kapena vinyo ayi, shuga wake amawononga. Mukanyanyitsa kachasuyo mupsereza. Abusa akakuonani nalo botolo pa tilu mudzafotokoza nokha, ine musanditchule.

Oo, ndisanaiwale, chachikulu. Zinthuzi ndi poizoni, ndipo zikufanana ndi anyezi wodyera. Mu 2015 a zaumoyo ku England anachita kulembera masitolo akuluakulu kuti ma daffodil, maluwa achikasu aja, asamaikidwe pafupi ndi ndiwo zamasamba, anthu ankaphika n'kudwala. Paperwhite ndi banja lomwelo. Agogo abwera mwezi wamawa, eti? Amakonda kulowa kukhitchini aja. Paketiyo isakhale pafupi ndi dengu la anyezi, ikakhale kushedi, pamwamba, posafikira ana.