Achemwali, za pepala la magazi la mwana lija

Achemwali mwaswera bwanji kumeneko, pepala lija mwajambula pa WhatsApp ndaliona, ndati ndingolankhula poti kulemba zichuluka. Mtima ukhale m'malo kaye, magnesium kutsika chonchi m'magazi kwa ana a matenda a impso a nephrotic zimachitika ndithu ndipo zifukwa zake zilipo.

Paja impso zake zikutaya puloteni mu mkodzo, n'chifukwa mkodzo ukuchita thovu ndi zikope kutupa m'mawa muja. Ndiye magnesium wina amayenda m'magazi atakakamira pa puloteni yomweyo, amati albumin, ikatsika nayenso nambala yake papepala imatsika ngakhale amene thupi likugwiritsa ntchito atakhala kuti sanathe kwenikweni. Nambala yabwino nthawi zambiri imakhala cha mu 0.7 mpaka 1.0 mmol/L. Koma ine chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi Lasix akumwa kuti kutupa kuphwe uja, ameneyo akamakodzetsa amatulutsira kumodzi magnesium ndi potassium, mwana akatsegulanso m'mimba ndiye basi zimangotayika. Ndipo magnesium akakhala pansi potassium amakanika kukwera olo amupatse mankhwala ake, ndiye kwa adokotala mukafunse zonse, ndi calcium yemwe.

Tsopano chimene ndajambulira mawuwa ndi ichi, chonde chonde musakagule mapilitsi a maginiziyamu am'golosale aja kuti mukweze nambala, ndikudziwa wina akuuzani zimenezo posachedwa. Aja ndi a chilungulira. Impso zikakhala zofooka sizitha kutaya wochulukayo, amangodzadzana m'magazi mwana n'kulefuka, kumangosinza, mtima n'kumagunda pang'onopang'ono, ndi zoopsa achemwali. Ngati akufunikadi woonjezera adokotala aona kaye creatinine kuti impso zili bwanji, kenako awerengera mulingo malinga ndi makilo ake.

Kunyumba inu thandizani ndi chakudya. Nsima ya mgaiwa ili ndi magnesium wambiri kuposa ya ufa woyera, nyemba, bonongwe kapena nkhwani wotendera, phala lothira nsinjiro, zomwe muli nazo kale. Mchere wokhawo chepetsani kwambiri, makyubu othira mu ndiwo ndi tizakudya tam'mapepala tamchere tija asiye kaye, timabweretsa kutupa. Adokotala akadzanena kuti impso zafooka mudzafunsenso za chakudyachi chifukwa zimasintha.

Mukaona akudandaula kukokana miyendo, zala zikupindika zokha, akunjenjemera, kapena wakomoka, musadikire tsiku la kiliniki, thamangani naye. Kutentha thupi kapena m'mimba kupweteka kwambiri chimodzimodzi, poti mankhwala a prednisolone akumwa aja amachepetsa chitetezo cha m'thupi. Prednisolone yo musamusiyitse mwadzidzidzi olo masaya akule bwanji, amachita kuchepetsa pang'onopang'ono. Brufen ayi, amapweteka impso.

Popita ku kiliniki mutenge mapaketi onse a mankhwala akumwa adokotala awaone, ndipo pepala latsopano likatuluka munditumizire mbali zonse ziwiri. Apatseni moni amayi ndi alamu.