Osatentha mapesi: mawu a mlangizi pa bwalo la mfumu kufupi ndi Mitundu

Zikomo a mfumu, zikomo nduna, amayi ndi abambo nonse. Amene muli padzuwapo sendererani kuno kumthunzi, ine mawu anga ndi ochepa mphamvu.

Ndinapempha a mfumu kuti atisonkhanitse chifukwa cha moto wa Lachiwiri uja. Unayambira kudambo, anyamata akusaka mbewa, ndiye mphepo ya mwezi uno mukuidziwa. Unadutsa minda itatu mpaka kukanyambita udzu wofolera umene mayi wina anaunjika kuseri kwa khola. Mwayi wake anthu anathamanga ndi nthambi zaziwisi. Mlanduwo ndi wa a mfumu, ine sindiulowerera. Ndabwera kudzalira chimene palibe akuchilira, mapesi amene anapsa aja.

Dzulo ndinalowa m'munda umodzi wopsawo. Phulusa lokhalokha, ukaponda likuuluka. Ndinakanda ndi chala, dothi gwa, ngati pansi pa nyumba yozira. Kenako ndinadumphira m'munda woyandikana nawo umene moto unaulambalala, n'kutukula mapesi. Pansi pake pozizira, dothi lofumbutuka, mapesi apansi ayamba kale kunyenyeka, tizilombo tili yakaliyakali. Minda iwiri, malire amodzi, dzuwa lomwelo.

Mapesi aja ndi feteleza amene munalipira kale. Chimanga chinadya feteleza wanu, gawo lina linapita kunjere, lina linatsalira m'phesi ndi m'masamba. Mukayatsa moto, chakudya chimene chimabiriwitsa chimanga chimapita ndi utsi. Phulusalo lili ndi kanthu pang'ono, sindikukana, koma mphepo ya Ogasiti ndi Seputembala ikulisiyirani? Ndiye mvula ikayandikira mukafola kudikira dzina lanu pa feteleza wotsika mtengo wa boma, osalipeza, n'kuyamba kudandaula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa thumba unakafika pati, nonse mukudziwa kuposa ine. Osatentha mapesi, abale anga.

Kumbukiraninso ng'amba ya 2024. Mu Malichi chaka chimenecho Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chimanga chinapota masamba chitatsala pang'ono kumasula. Koma amene munkayenda m'minda munaona kuti pophimbira chinkachedwa kufota. Palibe matsenga. Mvula ikagwa pa mapesi imalowa pang'onopang'ono m'malo mothamanga ndi dothi lanu kupita kumtsinje, ndipo dzuwa silimwa chinyezicho msanga. Ulimi ndi bizinesi, ndipo phindu si matumba amene mwakolola ayi, ndi chimene chatsala mutachotsa feteleza, mbewu ndi ganyu. Wophimbira amapalira pang'ono chifukwa udzu umavutika kumera. Ganyu ameneyo watsala m'thumba.

Inu anyamata kumbuyoko, ndikuona mukuseka. Mbewa ndimadya nanenso, ndi nsima ya mgaiwa sindisiya. Koma makolo athu ankakumba ndi khasu, ankatchera misampha. Inu mbewa zodzaza mpani umodzi mukuwotchera munda wa munthu wamasiye? Iyayi.

(Mayi wina akuimirira: "Alangizi, mwalankhula bwino. Koma ine ndinaphimbira chaka chatha, chiswe chinadzaza munda wonse. Komanso mukasiya mapesiwo, ng'ombe ndi mbuzi za anzathu zimamaliza. Ndiye tisiyirenji?")

Zikomo mayi, khalani pansi, mwafunsira anthu ambiri. Chiswe munachiona, n'zoona. Koma chinkadya chiyani? Chiswe chimakonda zouma. Chikapeza mapesi pansi chimatangwanika nawo, chimawagaya n'kuwalowetsa m'nthaka, ndipo timauna take ndi tomwe madzi amalowera. Munda mukausesa mbee, chiswecho sichisamuka ayi. Chilipobe, ndipo ng'amba ikabwera chouma chimene chingapeze ndi tsinde la chimanga chanu. Komabe ngati chulu chili pafupi, musachedwe kukolola chimanga chikauma, chifukwa chikagwa pansi chiswe sichisankha.

Chimene ndimaopa ine si chiswe, ndi kapuchi, chifukwa amatha kubisala m'phesi kudikira chaka chamawa. Ndiye munda umene unavuta ndi kapuchi musabwerezemo chimanga. Dzalanimo soya, mtedza kapena nandolo. Mbewu zimenezi zimasiya chonde kudzera m'timatuza ta kumizu, zimachepetsa kaufiti, komanso chimanga chikagwa mtengo muli ndi china chopita nacho kumsika pa Mitundu. Mtedza ndi nandolo mutha kuphatikiza munda umodzi, mtedza mukazula nandolo n'kutsala akukula.

Za ziwetozo, a mfumu ali pompano akumva. Pafunika lamulo la mudzi, ng'ombe zikhale ndi kodyera kwake. Pamene lamulo lisanakhwime, tutani mapesiwo. Ena muwadulire m'khola, ziweto zidye, zipondeponde, mudzabweze ngati manyowa. Ena muunjike ndi ndowe ndi masamba aawisi, muthire madzi, mumate ndi dothi, apse ngati manyowa a chimato. Njira zilipo zambiri mayi, yamoto yokha ndiyo ndikukana.

Ndisanaiwale, misangu. Mtengo umene umayoyola masamba nthawi ya dzinja, osatchinga dzuwa, chimanga cha pansi pake n'kumakhala chobiriwira kuposa china chonse, wina akuudula kuti awotchere njerwa. Ndadutsa pa zitsa ziwiri pobwera pano. Sinditchula dzina, mwini wake akudziwa.

Ndaona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa, ana abwera kusukulu posachedwa, ndiye ndithamange. Sabata ino lambulani m'mphepete mwa munda kuti moto ukabwera ukathere pomwepo. Mapesi agonekeni, osawaimika. Pamene pali potsetsereka tsatani akalozera, dzalanipo vetiva, mizere muitseke kuti madzi aime. Podzala chimanga, mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, monga mwa Sasakawa muja. Amene feteleza akukuchepera pangani wa Mbeya: madeya, ndowe zouma zopunthapuntha, phulusa la kukhitchini, osati la kumunda, makilogalamu 10 a feteleza ndi madzi malita 5. Musakanize bwino, muike m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, mumange zolimba mpweya usalowe, likhale pamthunzi masiku 21. Miyezo ya madeya ndi ndowe sindinena pano, mungasokoneze, tikayezera limodzi ndi ndowa.

Ndiye Lachinayi m'mawa tikumane kumunda wachitsanzo kuseri kwa tchalitchi. Aliyense abwere ndi ndowa ya madeya, thumba ndi pulasitiki yake, feteleza tidzasonkherana pagulu. Abambo musatumize amayi okha ngati ulendo watha uja. Ndipo amene ana anu sanabwere pano, mukawauze madzulo ano kuti machesi asapite nawo kumunda, mapesi osatentha. A mfumu, ndabweza mawu kwa inu.