Mutu wosatha ndi kubwebweta: zimene madokotala amayang'ana

Zikomo amfumu, zikomo azimayi ndi azibambo nonse amene mwasiya ntchito zanu n'kubwera. Lero tikambe za matenda oumitsa khosi amene amabwera ndi fangasi (kachilombo ka m'gulu la bowa ndi nkhungu) yotchedwa Cryptococcus. Amakonda anthu amene chitetezo chawo chatsikiratu, makamaka amene ali ndi HIV koma sanayambe ma ARV, kapena anawasiyira panjira.

Fangasi imeneyi imapezeka m'dothi, m'zitosi za mbalame monga nkhunda ndiponso m'mitengo yowola. Tonsefe timaipuma limodzi ndi fumbi. Munthu sangapatsire mnzake, ndiye musamathawe wodwala ayi. Thupi lamphamvu limathana nayo, koma CD4 (chiwerengero cha asilikali oteteza thupi m'magazi) ikatsika kwambiri, makamaka pansi pa 100, imachoka m'mapapo n'kulowa m'magazi mpaka kukafika ku ubongo. Mu 2020 inapha anthu pafupifupi 112,000 padziko lonse, ambiri mwa iwo kuno ku Africa.

Nanga dokotala amadziwa bwanji kuti uyu ali pangozi yaikulu kuposa uyo? Saombeza ula. Pali zizindikiro zimene zinaonedwa pa odwala ambirimbiri. Wodwala wopitirira zaka 50, wowonda kwambiri, wochepa magazi, kapena amene fangasi yachuluka m'madzi ake a pamsana, ameneyo amamuyang'anira mwapadera. Zina mwa izi zimafuna makina. Koma chizindikiro cholemera kwambiri chimaonekera kunyumba, ndipo amayamba kuchiona ndinu: kusokonezeka mutu.

Zimayamba chonchi. Munthu adandaula mutu sabata imodzi, ziwiri. Panado sakugwira. Akusanza, kuwala kukumupweteka m'maso, akungofuna kugona m'nyumba chitseko chotseka. Kenako tsiku lina mumpatsa madzi, iye angoyang'ana kapu osadziwa chochita nayo. Aitana mwana wake ndi dzina la munthu wina, usiku akubwebweta. Pamenepa ndi pamene ambiri timati amulodza, kapena ndi ziwanda, n'kuyamba kuzungulira naye. Abale anga, wodwala amene wafika kuchipatala akulankhula bwinobwino ali ndi mwayi waukulu wochira kuposa amene wafika atasokonezeka kale. Masiku ozungulira aja ndi amene amamuchotsa m'gulu loyamba n'kumuika m'gulu lachiwiri. Pempherani, palibe akukuletsani, koma pempherani muli pa ulendo wa kuchipatala.

Tsopano nkhani imene imandiwawa mtima, ya madzi a pamsana. Magadiyani ambiri amakana, amati akangomubaya pamsana basi wapita. Ndikumvetsa kumene mantha amenewa amachokera. Amene amatengedwa madziwa amakhala odwalika kale, ndipo nthawi zambiri achibale amavomera mochedwa, ndiye akamwalira timaloza singano. Koma tamverani zimene zimachitika mkatimo. Ubongo umakhala m'madzi, ndipo madziwo ali ndi potulukira. Fangasi imatseka potulukirapo ngati zinyalala zotseka ngalande, madzi n'kuyamba kupanikiza ubongo. N'chifukwa chake mutu umachita kung'amba, ena amasiya kuona, ena kumva. Dokotala akabaya m'munsi mwa msana, amayeza mphamvu ya madziwo, amaona ngati muli fangasi, ndipo amachotsako ena kuti ubongo upume. Odwala ambiri amanena okha pabedi pomwepo kuti mutu wapepuka. Nthawi zina amabwereza tsiku lotsatira. Akabwereza musati akumuyeserera, ndi chithandizo chimenecho, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti chimachepetsa imfa.

Mankhwala nawonso asintha. Kale tikudalira fluconazole yekha, odwala oposa theka ankamwalira pasanathe masabata 10. Kafukufuku wa AMBITION, amene anachitika ku Blantyre ndi ku Lilongwe pamodzi ndi Botswana, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, anayesa diripi imodzi yamphamvu ya amphotericin, kuphatikiza mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Zotsatira zinatuluka mu 2022: amene anamwalira anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza njirayi chaka chomwecho. Mmodzi mwa anayi ndi ambiribe, n'chifukwa chake tikufuna kuigwira fangasiyi isanafike kumutu.

Ndipo n'zotheka. Pali kuyeza magazi kotchedwa CrAg, kumene kumaonetsa fangasi masabata angapo mutu usanayambe n'komwe. Amene CD4 yake ili pansi pa 200 ayenera kuyezedwa. Ikapezeka, amayang'ananso ngati yafika ku ubongo. Ngati sinafike, munthu amamwa mankhwala ali kunyumba. Ndiye inu amene munasiya ma ARV ndipo mukuchita manyazi kubwerera, bwererani, mukanene zoona kuti munasiya liti, mukapemphe kuti akuyezeni CD4.

Chinthu china chimene chimakwiyitsa magadiyani: munthu akapezeka ndi matenda oumitsa khosiwa, dokotala sayambitsa ma ARV nthawi yomweyo, amadikira masabata 4 mpaka 6. Sikuti wamuiwala. Chitetezo chikadzuka msanga fangasi idakali yambiri, ubongo umatupa ndipo ngozi imakula. Musamupatse a mnzake mobisa. Akatuluka m'chipatala, fluconazole amapitiriza kumwa kwa chaka kapena kuposerapo, mpaka achipatala atanena okha kuti asiye.

Amayi kumbuyoko ndaona mwakweza dzanja, funsani.