Mnzanu wa m'banja akamawonjezera viza, yanu musaiiwale

Moni omvera athu kulikonse kumene muli, takulandiraninso ku gawo la makalata. Sabata yatha tinakhudza nkhani ya mabanja amene ali kunja, pomwe mmodzi ndiye mwini viza ndipo mnzakeyo akukhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo kudzera mwa iye. Makalata abwera ochuluka, ena ofunsa, ena ondiwongolera. Ndiyamba ndi yondiwongolera. Yachokera kwa mayi wina wa ku Leeds, amene amagwira ntchito mu ofesi yolemba anthu ntchito. Akuti:

"Zikomo bambo muulutsi. Munanena kuti mwamuna akawonjezera viza yake ya Skilled Worker ndiye kuti banja lonse lapuma. Pamenepo mukonzepo, chifukwa ndi dzenje lomwe agweramo ambiri. Ku UK viza ya mkazi kapena ya mwana siiwonjezeka yokha. Aliyense ali ndi fomu yakeyake, amalipira payekha, ndipo pa fomuyo amalembapo nambala ya pempho la mwini viza kuti a Home Office, unduna woona za olowa m'dziko, aone kuti ndi banja limodzi. Angalembe tsiku limodzi ndi mwamunayo kapena pambuyo pake, bola viza yake isanathe. Vuto limabwera kwambiri mwamuna akasintha ntchito. Iye amapatsidwa viza yatsopano ya tsiku latsopano, koma ya mkazi ndi ana imatsalira pa tsiku lakale lija. M'nyumbamo aliyense amaloweza tsiku la bambo, la mayi n'kudutsa mwakachetechete."

Mayi, mwandikonza bwino ndipo ndavomera. Ndiwonjezerepo chifukwa chake tsikulo lili lofunika chonchi. Chimene chimateteza munthu pa nthawi yodikira yankho ndi gawo 3C la lamulo la Immigration Act la 1971. Gawoli limati ngati mwapereka pempho viza yanu isanathe, ndiye tsiku lothera lafika a Home Office asanayankhe, chilolezo chanu chakale chimapitirira monga chinalili mpaka yankho litabwera. Mumvetse mawu akuti monga chinalili. Ngati munkaloledwa kugwira ntchito, mupitiriza kugwira. Ngati panali choletsa china, chikadalipo. Palibe fomu yopemphera 3C, imangoyamba yokha. Koma imagwira yekhayo amene wapereka pempho m'dzina lake. Ya mwamuna siiphimba mkazi, ngakhale mutakhala m'banja zaka 20.

Tsono 3C imalephera m'njira ziwiri, ndipo zonse ndi zopeweka. Yoyamba ndi kuchedwa. Pempho la pa intaneti limawerengedwa kuyambira tsiku lomwe mwalitumiza, osati tsiku lomwe mwakapereka zidindo za zala. Choncho musataye mtima ngati tsiku lokapereka zidindo lapezeka viza itatha kale, chachikulu n'chakuti fomu inapita nthawi ikadalipo. Koma mukatumiza mawa lake viza itatha dzulo, ndiye kuti mwakhala m'dzikomo mopyola nthawi. Malamulo amalola kuti kuchedwa kosapitirira masiku 14 kukhululukidwe ngati panali chifukwa chomveka chomwe simukanachitira mwina, monga kugonekedwa m'chipatala. Chikhululukirocho chimangothandiza kuti pempho lanu lisakanidwe chifukwa chochedwa. Sichikubwezerani 3C, ndiye nthawi yonse yodikirayo ntchito simungagwire.

Njira yachiwiri ndi pempho losakwanira. Khoti lalikulu la Supreme Court linagamula mu 2016, pa mlandu wa Mirza, kuti pempho lomwe ndalama yake sinalipidwe silimuika munthu pa 3C, ngakhale litapita nthawi yabwino. Apa ndiime pang'ono, chifukwa ndalama zake si zochepa. Kupatula ndalama ya fomu, pali ndalama ya zachipatala, ija amati IHS, yomwe kuyambira pa 6 February 2024 ili pa mapaundi 1,035 pa chaka kwa wamkulu ndi 776 kwa mwana, ndipo imalipidwa yonse nthawi imodzi. Viza ya zaka zitatu ya munthu wamkulu mmodzi ndi mapaundi 3,105 a IHS yokha. Amene ali pa viza ya Health and Care Worker pamodzi ndi mabanja awo salipira imeneyi. Enanu, funsani ku banki kwanu pasadakhale ngati khadi lanu lingatulutse ndalama zochuluka chonchi tsiku limodzi. Khadi kukana usiku wa tsiku lomaliza, ofesi ya banki itatsekedwa, n'chinthu chaching'ono chimene chingagwetse zaka zonse zomwe mwakhala mwalamulo. Ine ndimati fomu izipita kukadali milungu, osati maola.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yachokera kwa bambo wina wa ku Glasgow. Akufunsa kuti: "Abwana akauza munthu kuti asabwerenso ku ntchito chifukwa tsiku la pa viza lakwana, pomwe fomu inapita kale nthawi yake, munthuyo awaonetse chiyani? Ambiri amangoonetsa imelo ya Home Office, abwana n'kukana."

Bambo, abwanawo sakukana chifukwa cha nkhanza nthawi zonse, ambiri ndi mantha. Kuyambira pa 13 February 2024, wolemba ntchito munthu wopanda chilolezo angalipitsidwe mpaka mapaundi 45,000 pa munthu mmodzi ulendo woyamba, ndi 60,000 akabwereza. Imelo ija imangosonyeza kuti munatumiza fomu, koma siiwateteza iwo mokwanira. Ndiye apatseni chimene chimawateteza.

Yambani ndi akaunti yanu ya pa intaneti ya UKVI, nthambi ya Home Office yoona za maviza. Makhadi aja a viza otchedwa BRP anatha pa 31 December 2024, tsopano umboni wa chilolezo ndi eVisa, yomwe imaoneka pa akauntiyo. Lowani pa gov.uk, musankhe zotsimikizira kuti mungagwire ntchito, mutenge share code. Imakhala ya zilembo ndi manambala 9, yoyamba ndi W, ndipo imagwira ntchito masiku 90. Ikayamba ndi R ndi ya eni nyumba, abwana sangaigwiritse ntchito, ndipo anthu amasokoneza ziwirizi kawirikawiri. Abwana amailowetsa pamodzi ndi tsiku lanu lobadwa, n'kuona chithunzi chanu ndi chilolezo chanu. Kwa ambiri amene ali pa 3C njira imeneyi imakwanira.

Share code ikakana, pali njira ina yotchedwa Employer Checking Service. Iyi amalemba ndi abwana, osati inu, koma muwapatse nambala ya pempho lanu ndi kuwaloleza kuti akufufuzeni. A Home Office amalangiza kuti papite kaye masiku 14 chitumizireni fomu kuti dzina lanu likhale litalowa m'kaundula wawo, ndipo amayesetsa kuyankha m'masiku 5 ogwira ntchito. Yankho labwino ndi kalata yotchedwa Positive Verification Notice, yomwe imateteza abwana kwa miyezi 6. Miyeziyo ikatha yankho la viza lisanabwere, amafunsanso. Ndipo pali mfundo yomwe mabwana ang'onoang'ono ambiri saidziwa: ngati anakufufuzani bwino pokulembani ntchito, ndipo ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti munapereka pempho nthawi yake, amakhalabe otetezedwa mpaka masiku 28 viza itatha, kuti apeze mpata wochita zonsezi. Choncho palibe chowakakamiza kukuimitsani tsiku lomwelo. Langizo langa n'lakuti muwauze mwezi wathunthu tsikulo lisanafike, muwalembere, mutumize ndi tsamba losonyeza tsiku lomwe fomu inapita. Nkhani yobwera mwadzidzidzi ndi imene imachititsa abwana kuthamangira kuimitsa munthu.

Yachitatu yachokera kwa mayi wina wa ku Luton, amene akuti amathandiza anthu a mumpingo mwawo pa zamapepala. Alemba motere:

"Bambo muulutsi, muwachenjeze anthu za maulendo. Munthu akapereka pempho ali mu UK, n'kutuluka kupita kunja kwa UK, Ireland, Channel Islands ndi Isle of Man yankho lisanabwere, pempho lake limatengedwa ngati walibweza yekha. Komanso 3C imafa munthu akangotuluka mu UK. Pasipoti kukhala m'manja mwanu sikutanthauza kuti mwaloledwa kuyenda. Chachiwiri, kwa okwatirana ndi nzika ya UK kapena munthu wa ILR, chilolezo chokhala m'dzikomo mopanda tsiku lothera: viza yoyamba yochokera kunja ndi ya miyezi 33, yowonjezera ndi ya miyezi 30. Mukathamangira kulemba kukadali miyezi yambiri, amangokuwonjezerani masiku osapitirira 28 mwa otsalawo, ndiye mungadzapezeke kuti zaka 5 zofunika pa ILR sizikukwana, n'kulipiranso viza ina. Mayeso a Chingerezi nawo amakwera: A1 poyamba, A2 powonjezera, B1 pa ILR."

Mayi, mwalemba zomwe ndikanafuna banja lililonse litamva. Za maulendozi ndi zowawa, chifukwa chimene chimaitana munthu mwadzidzidzi ndi matenda kapena maliro, ndipo palibe amene angamuuze mnzake mopepuka kuti asapite kukaika kholo lake. Komabe munthu adziwe mtengo wake asanagule tikiti: pempho lapita, ndipo ngati viza yakale inatha kale, alibe chobwerera nacho mpaka atayambiranso kupempha ali kunja. Ngati pali wodwala kwambiri ndipo mukuona kuti ulendo ungafunike, ganizirani zolipira kuti yankho lifulumire pamene njirayo ikupezeka pa mtundu wa viza yanu. Popanda kufulumizitsa, kuwonjezera Skilled Worker kumatenga pafupifupi milungu 8, pomwe ILR ingatenge mpaka miyezi 6.

Kwa okwatirana ndi nzika ya UK kapena munthu wa ILR aja, pa ndalama zomwe banja liyenera kupeza pa chaka, pali ziwerengero ziwiri. Amene anayamba njirayi kuyambira pa 11 April 2024 amafunika mapaundi 29,000, koma amene analowa tsikuli lisanafike ndipo akuwonjezera ndi mkazi kapena mwamuna yemweyo akadali pa 18,600. Ziwerengerozi zimasintha, choncho muzione pa gov.uk tsiku lomwe mukulemba. Ndiwonjezere chimodzi chokhudza kalata yoyamba ija. Mwini viza ya Skilled Worker akalandira ILR, mkazi salandira nawo ngati iye sanakwanitse zaka zake 5. Amawonjezera viza yake ngati wodalira, n'kudikira nthawi yake. Ndipo pempho likakanidwa, werengani kalatayo tsiku lomwelo. Nthawi yochitira apilo kapena yopempha kuti alionenso ndi masiku 14 kwa amene ali m'dzikomo, ndipo 3C imapitirira pokhapokha mwachitapo kanthu m'masiku amenewo. Apa ndi pofunika loya kapena mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, bungwe lomwe kale linkatchedwa OISC, osati munthu wongodziwika pa WhatsApp kuti amatha mafomu.

Yomaliza yachokera tsidya lina la nyanja, kwa bambo wina wa ku Indiana, ku America. Akuti:

"Kuno zinthu n'zosiyana, musaziphatikize ndi za ku UK. Pa green card ya zaka 10, chimatha ndi khadi, chilolezo chokhala m'dziko sichitha. Mumalemba fomu I-90 mkati mwa miyezi 6 khadi lisanathe, ndipo risiti yake, I-797, imawonjezera mphamvu ya khadilo ndi miyezi 36. Ngati nonse awiri muli ndi green card, kukonza khadi la mmodzi sikukhudza la mnzake. Yoopsa ndi ya zaka 2, yomwe amapatsidwa munthu amene banja lake linali lisanakwane zaka ziwiri poilandira. Imeneyo fomu yake ndi I-751, yosainidwa ndi onse awiri, yotumizidwa mkati mwa masiku 90 khadi lisanathe. Mukaphonya, chilolezo chenichenicho chimatha. Mukatumiza nthawi yake, risiti imawonjezera miyezi 48. Muziyenda ndi khadi lakuthalo pamodzi ndi risitiyo, chimodzi popanda chinzake sichikwanira."

Zikomo bambo, mwazisiyanitsa bwino. Pali gulu lina kumeneko lomwe ndikulidera nkhawa, akazi ndi amuna a anthu a viza ya ntchito ya H-1B, amene amakhala pa viza ya odalira ya H-4. Mwini H-1B akapereka pempho lowonjezera nthawi yake, angapitirize ntchito kwa abwana omwewo mpaka masiku 240 akudikira. Mnzake wa H-4 alibe mwayi umenewo. Iye amalemba I-539 kuti awonjezere kukhala, ndi I-765 kuti akonze khadi logwirira ntchito, lija amati EAD. Kale wokonza EAD nthawi yake ankatha kuwonjezeredwa masiku mpaka 540 akudikira, koma kwa mapempho operekedwa kuyambira pa 30 October 2025 zimenezo zinathetsedwa. Tsiku la pa khadi likakwana latsopano lisanafike, ntchito imaima, ngakhale munthuyo akukhalabe m'dzikomo mwalamulo. USCIS, ofesi ya boma la America yoona za olowa m'dziko, imalandira pempho lokonza EAD kukadali masiku 180, ndiye werengani chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku la pa khadi, pempho la mwini H-1B, I-539 ndi I-765 zipitire limodzi ngati n'kotheka.

Ndipo mukasamuka nyumba pa nthawi yodikirayi, dziwitsani a USCIS mkati mwa masiku 10, pa akaunti yanu ya pa intaneti kapena pa fomu AR-11, aliyense m'banjamo payekha. Risiti, kalata yoitana kukapereka zidindo za zala ndi khadi lenilenilo zonse zimapita ku adiresi yomwe ili m'kaundula wawo.