Christian Thomasius, pulofesa amene anachita manyazi pa mlandu wa ufiti

Zikomo mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Inu a kumbuyoko, mawu akapanda kufika mungokweza dzanja.

Lero ndabwera ndi mbiri ya mphunzitsi wina wa ku Germany, dzina lake Christian Thomasius. Anabadwa pa 1 Januwale 1655 mumzinda wa Leipzig, pakhomo pa anthu ophunzira. Bambo ake, a Jakob Thomasius, anali pulofesa pa yunivesite ya mumzindamo, ndipo Leibniz, katswiri wotchuka wa masamu ndi filosofi, anadutsa m'manja mwawo. Mwanayu anakaphunzira zamalamulo ku Frankfurt an der Oder, natenga digiri ya udokotala wa zamalamulo mu 1679, kenako n'kubwerera kwawo kukayamba uloya ndi uphunzitsi.

Masiku amenewo maphunziro a pa yunivesite ankachitika m'Chilatini, chinenero chimene panalibe mayi ankalera nacho mwana. Mlimi, mmisiri, wogulitsa pamsika, onsewo nzeru za m'kalasi zinkangowadutsa. Ndiye mu 1687 Thomasius anakhoma chidziwitso pa bolodi la yunivesite, cholembedwa m'Chijeremani, chonena kuti aphunzitsa m'Chijeremani chomwecho. Akuluakulu anapsa mtima ngati wawatukwana. Iye osabwerera m'mbuyo. M'kalasi ankalowa atavala zovala zamakono, lupanga lili m'chiuno, mkanjo wakuda wa apulofesa atausiya. Mu 1688 anayambitsanso magazini yotuluka mwezi ndi mwezi, momwe ankadzudzula anzake ophunzira ndi abusa ena poyera. Pofika 1690 anamuletsa kuphunzitsa ndi kusindikiza mabuku, moti anathawa mu Leipzig. Wolamulira dera la Brandenburg, Friedrich III, anamulandira n'kumutumiza ku Halle, ndipo ophunzira amene anamutsatira kumeneko anathandiza kuti mu 1694 patsegulidwe yunivesite yatsopano.

Komatu chimene ndadzera si kulimba mtima kumeneku ayi. Ndadzera tsiku limene munthuyu analakwa.

Mumvetse kaye mmene milandu inkayendera. Khoti laling'ono likakumana ndi mlandu wovuta, linkamanga mapepala onse n'kuwatumiza kwa apulofesa a zamalamulo kuti apereke chigamulo. Apulofesawo woimbidwa mlanduyo sankamuona n'komwe, ankangoona mapepala. Tsono lamulo linkafuna mboni ziwiri zoona ndi maso, apo ayi mwiniwake avomere ndi pakamwa pake. Nanga ufiti ndani angaimirire n'kunena kuti ndinauona? Chotsala chinali kumuzunza munthuyo mpaka avomere. Ankamupana zala ndi chitsulo, kapena kumumanga manja kumbuyo n'kumukoka ndi chingwe m'mwamba mpaka mapewa kuguluka. Akavomera ankamufunsa kuti, anzako ndani? Munthu ali pa ululu wotere amatchula aliyense wobwera m'mutu, ngakhale mnansi amene amapalana naye moto. Otchulidwawo nawonso ankagwidwa. Umu ndi mmene mlandu umodzi unkaberekera milandu khumi, ndipo anthu masauzande ambiri, makamaka amayi, anawotchedwa.

Mu 1694 mapepala a mayi wina woganiziridwa ufiti anafika ku Halle. Thomasius anawawerenga, n'kutsegula mabuku a Benedikt Carpzov, katswiri wa ku Leipzig amene oweruza ankamudalira, ndipo ananena kuti mayiyu azunzidwe ndithu. Taganizani, amayi. Yemwe uja ankadzudzula ena kuti amangotsatira mabuku akale osaganiza, ndi amene anaika dzanja lake pamenepo. Anzake pa gomepo, motsogozedwa ndi Samuel Stryk, anakana, nati umboni palibe. Anamuposa, ndipo chigamulo chinapita chakuti mayiyo asazunzidwe.

Anachita manyazi, ndipo nkhaniyi sanaibise, anadzailemba yekha. Ine pamenepa m'pamene ndimamupatsira ulemu. Akanatha kusunga chakukhosi n'kumanena kuti anzakewo ndi ansanje. M'malo mwake anakhala pansi n'kuyamba kufufuza kumene zikhulupiriro za m'mabuku a oweruza zinachokera. Anawerenganso zimene analemba Friedrich Spee, wansembe wa Chikatolika amene mu 1631 anali atachenjeza kale kuti kuzunza n'kumene kumapanga mfiti.

Patapita zaka 7, mu 1701, anatulutsa mfundo zake. Sananene kuti Satana kulibe, pakuti anali Mkhristu wa mpingo wa Lutheran. Ananena kuti Satana ndi mzimu, alibe thupi, choncho sangagwirane chanza ndi munthu kupangana pangano, pamene mlandu wonse wa ufiti m'makhoti unkatsamira pa pangano limenelo. Wapha mnzake ndi poizoni? Aweruzidwe ngati wakupha, umboni uli poyera. Koma mlandu umene sungatsimikizidwe usalowe m'khoti. Mu 1705 anabweranso ndi mfundo yakuti kuzunza kuchotsedwe m'makhoti a Akhristu, chifukwa wolakwa wolimba thupi amapirira n'kupulumuka, wosalakwa wofooka n'kuvomera zimene sanachite.

Ndikamafotokoza izi ndikuona ena mwaweramitsa mitu. Tonse tamvapo za agogo othamangitsidwa pamudzi, nyumba kuwagwetsera, chifukwa mwana wadwala mwadzidzidzi ndipo wina waloza chala. Funso limene anzake a Thomasius anamufunsa pa gome lija, lakuti umboni uli kuti, ndi lomwe limasowa wolifunsa pa tsiku lotero.

Mawu ake sanagwire ntchito tsiku limodzi. Ophunzira ake ndi amene anawanyamula, atakhala oweruza ndi alangizi a boma. Mu 1714 mfumu ya Prussia, imene inkalamuliranso Halle, Friedrich Wilhelm I, inalamula kuti chigamulo chilichonse chozunza kapena kupha munthu pa mlandu wa ufiti chizifika kaye kwa iyo, ndipo milanduyo inayamba kuzilala. Thomasius anamwalira ku Halle pa 23 Seputembala 1728, ali ndi zaka 73. Patapita zaka 12, mu 1740, Friedrich II atangolowa ufumu wa Prussia analetsa kuzunza pa milandu yambiri m'dziko lake.

Ndiime kaye pamenepa. Amayi a kutsogoloku ndaona munakweza dzanja kale, yambani ndinu.