Kujambula siteshoni ya sitima dzuwa litalowa

Zikomo amayi, abambo ndi achinyamata amene mwabwera ndi makamera anu. Chithunzi chabwino cha nyumba yaikulu usiku sichijambulidwa mdima utakhwima ayi. Chimajambulidwa chisisira, patapita mphindi 15 kapena 20 dzuwa litalowa, magetsi atayaka koma kumwamba kudakali kabuluu. Kuno ku Lilongwe mdima umagwa msanga, ndipo mu June dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, choncho fikani lidakali m'mwamba, musankhiretu poima.

Taganizani za siteshoni ya ku Maputo, imene inatsegulidwa mu 1910, ya zipilala ndi denga lozungulira ngati mphika wovundikira. Mukachedwa, dengalo limasowa mu mdima, mumangotsala ndi mawindo oyaka.

Kamera ikhale pa tripod (choikapo kamera cha miyendo itatu), miyendo yake itaponda polimba. ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) ikhale pa 100, chifukwa mukaikweza pa 3200 khoma limatuluka ndi timadontho. Aperture (kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala mu lens) ikhale pa f/8 kapena f/11 kuti njerwa zapafupi ndi denga lakutali zonse zioneke bwino. Shutter (nthawi imene kamera imakhala yotseguka kulowetsa kuwala) muyambe ndi masekondi 4, muziwonjezera kukamada, mpaka 15 kapena 20. Musadine ndi chala, ikani timer ya masekondi 2 kuti kamera isagwedezeke pojambula. Muzimitsenso stabiliser (chochepetsa kugwedezeka kwa chithunzi), chifukwa pa tripod nthawi zina imagwedeza chithunzi yokha. Autofocus (kamera ikamadzikonzera yokha kuti chithunzi chioneke bwino) imasokonezeka mu mdima, ndiye lozani pa ngodya yowala, mukonze ndi dzanja.

Chimene chimawononga zithunzi zambiri ndi kuimira pafupi n'kupendeketsa kamera m'mwamba. Zipilala zimaoneka ngati zikugwa chagada, ntchito ya amisiri aja yonse n'kupotoka. Bwererani m'mbuyo, kamera ikhale yowongoka, zapansi zosafunikazo mudzadula pa kompyuta. Nyali zikamawalitsa kwambiri, jambulani katatu, china chodera, china chapakati, china chowala, mudzaziphatikize. Jambulani mu RAW (fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, yosavuta kukonza mtundu pa kompyuta), popeza mababu achikasu ndi a LED akakumana pa khoma limodzi amasokoneza mtundu.

Njanji yochokera ku Salima inafika kuno mu 1979. Mukafuna kuyeserera pa siteshoni ya sitima ya ku Kanengo, yambani mwapempha chilolezo kwa akuluakulu a pamalopo, ndipo musaimike tripod pa njanji. Pitani awiriawiri, wina aziyang'anira chikwama. Mvula ikangokata musathawe, chifukwa pansi ponyowa pamabweza kuwala kwa nyumbayo. Tsitsani kamera pafupi ndi madziwo, mupukute lens musanadine.